Mchenga Wakuda ndi Nkhuku Imene Ndinakana

Ntchito yanga pa chilumba cha Fogo inali yoletsa azungu kudzipha. Ponditenga anati ndikakhala woperekeza alendo odzaona malo, koma chimene ndinkachita tsiku ndi tsiku n'kuima pagombe, thukuta lili kamukamu, ndikufuula m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi kuti valani nsapato, musapitirire apo, tulukani m'madzimo. Ena ankamva. Ambiri ankandimwetulira mwaulemu n'kupitiriza zomwe ankachitazo.

Chilumbacho chili ku Cape Verde, pakati pa nyanja yamchere. Anthu akwathu ku Nsanje ndinatopa kuwafotokozera, ndipo ndinangowasiya azinena kuti ndili ku Joni, pakuti kwa iwo munthu aliyense wokwera ndege kukafuna ganyu amatsikira ku Joni. Chilumba chonsecho ndi phiri limodzi la moto lomwe linatumphuka m'nyanja. Ukaima pena paliponse, nyanja ili kumaso, phiri lili kumsana.

Bambo anga anali Msena wa ku Mutarara amene anawolokera kuno nthawi ya nkhondo, choncho Chipwitikizi ndinachitola pakhomo. Ku koleji ku Blantyre ndinaphunzira zosamalira alendo. Mzungu wina amene ndinamugwirirapo ntchito ku Beira anali ndi mbale wake wa hotela pachilumbapo, ndipo ankafuna munthu wa zilankhulo ziwiri amene sangadandaule za malipiro. Munthuyo ndinali ine.

Ndinapitira chinthu chimodzi chokha: kuchotsa mkazi wanga Esitere ndi mwana wathu Lusiya m'njira ya madzi. Esitere anali Mmang'anja wa kwa Mlolo, pakati pa Ruo ndi Shire, kumene dzinja lililonse anthu amagona khutu limodzi lili kumtsinje. Ndinamukwatira mwa chikamwini, ine kukakhala kwawo. Bambo anga ankafuna kulowola monga timachitira Asena, kuti mkazi ndi ana akhale akwathu, koma akuchikazi anakana, amvekere mwana wawo si mbuzi yoti agulitse. Ine ndinaona ngati andipeputsira katundu ndipo ndinathokoza. Bambo anangopukusa mutu. Maganizo anga anali osavuta: ndikagwire ntchito kunja, ndimange nyumba ya njerwa pamalo okwera pa Bangula, banja langa lisamuke, nkhani ithe.

Esitere anandiperekeza mpaka pa Bangula, Lusiya ali kumsana. Anandigulira makakana owamba, nsomba za m'dambo lakwathu, anawakulunga bwinobwino m'nyuzipepala, ndipo apabwalo la ndege anawalanda ndisanalaweko. Minibasi isananyamuke anandiuza kuti nyumbayo ikatha adzasamuka, koma ndisamamuuze zinthu ngati mwana wasukulu, chifukwa mawu a uphunzitsi aja ndimawayamba ndisakudziwa. Ndinalonjeza. Lonjezolo sindinalisunge ngakhale pafoni yoyamba.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa khitchini ya hotela, pafupi ndi makina ochapira omwe ankanjenjemeretsa bedi. Chakudya chathu antchito chinali chimanga chokonola chophikira pamodzi ndi nyemba, m'mawa chokazinga, masana chamsuzi. Mnzanga weniweni anali Nelito, woyendetsa galimoto ya hotela, munthu wamfupi wa maso obiriwira, wobadwira pamwamba pa phirilo. Dzina langa linamukanika, choncho ankangonditchula kuti Malawi. Iye ankayendetsa, ine ndinkalankhula. Alendo akatsika, tinkakhala pamthunzi wa galimoto kuwanena, iye m'chilankhulo chawo cha pachilumba chosakanizika ndi Chipwitikizi, ine m'Chipwitikizi cha bambo anga chomwe iye ankati chimamveka ngati cha ansembe okalamba.

Gombe lili pansi pa tawuni, ndipo umatsikirako ndi njira yokhotakhota m'phompho. Mchenga wake ndi wakuda bii, ngati makala osinja. Alendo ankabwerera umenewo. Ine ndakulira m'chigwa, kutentha kwa pa Ngabu ndimakudziwa, kuja mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi ngakhale uzigende. Koma mchenga uja dzuwa likafika pamutu umasanduka chiwaya. Ndinkawauza tili m'galimoto, ndinkabwereza tikutsika, ndinkabwerezanso tafika. Iwo ankavula nsapato, kuyenda pang'ono monyadira, kenako n'kuyamba kudumphadumpha ngati aponda linthumbu, akundiyang'ana ngati motowo ndakoleza ndine. Akatero ankayala nsalu n'kugona padzuwa lomwelo, atavula, kuti ade. Munthu walipira ndege kuchokera kwawo kozizira kudzagona pamalo pamene kwathu timayanikapo nsomba.

Ndiye panali mafunde. Kwathu madzi timawaopa chifukwa cha ng'ona. Kuja ng'ona kulibe, nyanjayo ndiyo ng'ona yake. Funde limabwera ngati likusewera, koma pobwerera limakumba mchenga pansi pa mapazi ako n'kukutenga. Eni dziko sasambira pamenepo, amangoima m'mbali manja ali m'chiuno. Bambo wina wa ku Jeremani, wa mimba yake ndithu, anandiuza kuti wasambira m'nyanja zonse za dziko lapansi ndipo safuna womulera. Analowa. Funde linamunyamula, linamugubuduza, n'kumulavula kabudula ali m'maondo, ndipo lisanabwerere kudzamutenganso asodzi anamukokera kumtunda ngati thumba la chimanga. Atapeza mpweya, mawu ake oyamba anali ofunsa chifukwa chimene sindinamuchenjezere. Madzulo anakandinenera kwa bwana. Bwana anandiuza kuti ndizichenjeza alendo mwamphamvu koma mosawaopseza, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti zimenezo zimachitika bwanji.

Masiku ena tinkakwera nawo kuphiri. Pamwamba pali chigwa chachikulu chozingidwa ndi khoma la thanthwe, ngati mphika wosweka mbali imodzi, ndipo m'kati mwake mwaima nsonga yakuda imene imatulutsa motowo. M'mphikamo mumakhala anthu. Zaka zingapo ndisanafike phirilo linaphulika, chiphalaphala cha moto chinatsika pang'onopang'ono, anthu anazula zitseko ndi mawindo, ananyamula mabedi, n'kukaima patali kuonerera midzi yawo ikukwiririka. Chiphalaphalacho chinauma n'kukhala mwala wakuda wokalakala, wodula nsapato. Apa ndi apo madenga amasuzumira pamwamba pake. Alendo ankakwera pamadengapo kujambulitsa, ankadzaza miyala m'matumba, ankandifunsa kuti liphulikanso liti, ena mokhala ngati akupempha kuti lichite iwo asanabwerere kwawo. Olimba mtima ankakwera nsongayo m'mamawa, kenako n'kutsika chothamanga m'phulusa akukuwa ngati ana, ine ndili pambuyo ndi botolo la mankhwala a zilonda.

Koma amene ankandipsetsa mtima kwenikweni kumeneko sanali alendo. Mayi ake a Nelito anamanga nyumba yatsopano pamwamba penipeni pa chiphalaphala chimene chinakwirira yakale. Tsiku loyamba kulowamo ndinavula nsapato mwaulemu, ndipo pansi panali pofunda ngati pamsana pa ng'ombe. Mayiwo anaseka, amvekere zovala amangoyala pansi n'kuuma, bulangeti sagula. Boma linawamangira nyumba kumunsi, kutali ndi moto, ndipo anakhalamo pang'ono n'kubwerera. Ndinamufunsa Nelito kuti anthu anzeru zawo amachita bwanji zimenezi. Ananditengera kuseri, kumene mphesa zinabzalidwa m'maenje m'phulusa lakuda, zopanda wothirira, zitalemedwa ndi zipatso.

"Malawi, khoma umadya?" anatero. "Kumunsi kuli makoma okongola. Phirili limalanda kamodzi, koma limapatsa chaka ndi chaka."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kale m'Chimang'anja. A Alufandika, atsibweni ake a Esitere, amene ali eni mbumba, ankayankha chimodzimodzi aliyense wonena zosamuka: kumtunda tikadya miyala? Ndinawoloka dziko lonse la Afirika kuthawa yankho limenelo, n'kukalipeza litakhala pampando likumwa khofi.

Nditamuuza Esitere pafoni anaseka mpaka kutsokomola. Anati amenewo ndi abale athu, ndiwapatse moni. Ine sindinaseke. Ndinayamba kumufotokozera za mitsinje yodzala mchenga, za mapiri a ku Thyolo ndi Mulanje ometedwa mitengo, za mvula yamasiku ano yosadziwika mutu wake. Anandisiya ndimalize, kenako anafunsa ngati belu lalira kuti ana atuluke.

Esitere sanali wopusa, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Ankadziwa kuti madzi akaphwa amasiya thope limene limabereka chimanga popanda feteleza, mbatata, nyemba, maungu, pamene akumtunda akuyang'ana kumwamba. Ankagula nsomba kwa asodzi a m'dambo, kuwamba yekha, kukagulitsa. Ankandifunsa kuti pa Bangula akakhala pakhonde kudikira foni yanga kuti agule tomato? Nanga mayi ake, amene analumbira kuti sadzachoka pamene pali manda a amuna awo, awasiyire yani? Ankati madzi amawadziwa kuyambira ali mwana, sabwera ngati mbala, amayamba aonekera.

Zomwe ndinkapeza ndinkatumiza, ndipo nyumba inakwera. Inafika pamawindo, inafoleredwa malata, inaikidwa zitseko. Ndinati samuka tsopano. Anati akolole kaye chimanga chakudimba. Atakolola anati mwendo wa mayi watupa. Mwendo utaphwa anati nsomba zili pamtengo wabwino, adikire mwezi uno wokha. Tinkakangana, kenako ankapereka foni kwa Lusiya kuti andiimbire nyimbo ya ku Sande sukulu, ndipo nkhaniyo inkathera pomwepo. Ndinkadula foni n'kutsikira kugombe kukauza anthu ena osamva kuti atuluke m'madzi.

Chaka chimenecho madzi anabwera ngati mbala.

Mafoni onse a kwa Mlolo anazima. Ndinkaimba ndili pagombe, ndili m'galimoto, ndili pakati pofotokozera alendo za mphesa. Patapita masiku a Alufandika anaimba pa foni ya munthu wina. Anayamba ndi moni wonse, anafunsa za ntchito, anafunsa ngati kunjako kukugwa mvula. Kenako anati mwana ali bwino. Anati apongozi ali bwino. Anasiyira pomwepo, ndipo ine ndinamva.

Esitere anamupeza m'bango kumunsi, ndipo anamuika kumtunda tsiku lomwelo. Momwe zinachitikira ndinauzidwa zonse, koma pano ndilembapo chimodzi. Atakweza Lusiya ndi mayi ake padenga la tchalitchi, Esitere anabwerera kukamasula mbuzi. Mbuzizo zinapulumuka.

Sindinapite kumaliro. Ulendo wake ndi wa ndege zingapo, misewu ya kuchigwa inali itaduka, ndipo munthu anali ataikidwa kale. Kutacha ndinavala malaya a hotela n'kukwera kuphiri ndi alendo. Mayi wina wa ku Holland, wa nkhope yachifundo ndithu, ataima pa limodzi la madenga aja kamera ili m'manja, anandifunsa funso limene mlendo aliyense ankafunsa: n'chifukwa chiyani anthuwa amabwerera kuno, kodi saganiza? Masiku onse ndinali ndi kayankho koseketsa. Koma osati tsiku limenelo. Mbali ina ya mtima wanga inkagwirizana naye kotheratu, mbali ina inkafuna kumulanda kamerayo n'kuiswa pamwala. Ndinangomuuza kuti atsike, chifukwa pamene waimapo pansi pake ndi chipinda chogona cha munthu.

Nelito anaona. Anatenga alendowo yekha ndi Chingerezi chake cha mawu owerengeka, ine n'kundisiya kwa mayi ake. Mayiwo sanandifunse zambiri. Anafunsa dzina la malemu, anayatsa kandulo, anandiikira mpando ndi khofi, n'kukhala pambali panga chete masana onse monga timakhalira kwathu pasiwa. Ndinakhala pamenepo mapazi ali pa simenti yofunda ija, ndikulira maliro a mkazi wanga m'nyumba ya anthu amene ndinkawayesa amisala.

Kumudzi anthu anawasonkhanitsa m'matenti kumtunda. Ndinauza a Alufandika kuti nyumba ya pa Bangula ili apo, alowemo apongozi ndi mwana. Analowadi. Ndinati bola, phunziro lalowa, ngakhale lalowa ndi mtengo woterewu. Ndinapitiriza ntchito ndili ndi kamtendere kakang'ono kameneko. Ndiye tsiku lina, madzi ataphwa, ndikulankhula ndi Lusiya ndinamva kumbuyo kwake kulira kwa mbalame za m'dambo. Pa Bangula pamamveka mahutala a minibasi ndi mabelu a kabaza, osati zimenezo. Ndinamufunsa kuti ali kuti. Anayankha mosangalala kuti abwerera kwawo, agogo akubzala.

Ndinaimbira a Alufandika, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kukalipira munthu wamkulu. A Alufandika anandimvetsera mpaka mpweya unandithera, kenako anafunsa ngati ndamaliza, chifukwa batire ikutha. Ndinadikira nyengo ya alendo ithe, ndinatsanzika kwa bwana, ndinakumbatirana ndi Nelito padoko, ndipo ndinabwerera kudzatenga mwana wanga.

Ndinayambira pa Bangula kukaona nyumba imene ndinali ndisanaionepo ndi maso. Nditatsegula chitseko ndinapeza matumba a chimanga atasanjidwa mpaka kudenga, pabalaza ndi kuchipinda komwe. Woyandikana nafe anandiuza kuti akwa Mlolo amayamikira kwambiri nyumbayi, chifukwa tsopano zokolola zawo sizingakokoloke. Chimanga anachisamutsira kumtunda. Mwana anamusiya kumadzi.

Kumudzi ndinapeza nyumba zatsopano za mitengo ndi matope pamalo omwe panali zakale, ndipo madimba ali biriwiri ngati palibe chinachitika. Lusiya anali atatalika, ali ndi chipumi cha mayi ake. Anandiyang'ana ali kuseri kwa chitenje cha agogo ake n'kufunsa ngati ndine bambo a mufoni aja. Apongozi anali ataonda. Kumeneko mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana ndipo salankhulana maso ndi maso, choncho anakhala chofulatira n'kuuza Lusiya kuti awauze bambo ake kuti afika bwino. Lusiya anatembenuka n'kundiuza. Ine ndinamuuza kuti awauze agogo ake kuti ndathokoza. Chipepeso chathu chonse chinadutsa mwa mwana ameneyo.

Ndinali ndi nsapato zake zatsopano m'chikwama, ndipo m'mutu mwanga, mutu wa mwana wa Msena, nkhani inali yongonyamula mwana n'kumapita. A Alufandika anati tisathamange, pali mwambo umene unatsala. Pameto, mwambo wometa wotsekera maliro, sindinalipo, choncho sanandisudzule. Mkazi akamwalira, akuchikazi amamumasula mwamuna pamaso pa anthu, amamupatsa kanthu m'manja, ndipo akalandira ndiye kuti ukwati watha, ali ndi ufulu wobwerera kwawo ndi kukwatiranso. Anati ndikadali mnyamata, sakufuna kundimangirira kumanda. Ankanena zimenezi mwachikondi chenicheni, ndipo n'zimene zinandivuta kwambiri.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Kumbali yanga kunali mkulu wanga Zuze, amene anabwera pa kabaza ndipo anauza wakabazayo kuti adikire. Pakati pathu anagoneka nkhuku yomanga miyendo, kanthu kondisudzulira kaja. A Alufandika analankhula bwino, anandiyamikira kuti ndinasunga mwana wawo, sindinamumenyepo, ndinamumangira nyumba ya malata. Atatha ananyamula nkhukuyo ndi manja awiri.

Ndinafunsa kuti ndikalandira, za mwana zikhala bwanji.

"Mwana ali kwawo," anatero. "Muzibwera kudzamuona, bambo a Lusiya. Khomo silitsekedwa."

Ndinayamba uphunzitsi wanga uja, mitsinje, mchenga, mitengo, mvula. Ndinanena kuti malo amene anapha mayi sangalere mwana. Amayi amene anakhala kumbali anayamba kusisima, ndipo ndinadziwa kuti ndapyola malire. A Alufandika sanakweze mawu. Anati mlongo wawo wataya mwana, ndipo nkhope yokhayo imene yamutsalira ine ndikufuna kuichotsanso. Anati mwana wa Mmang'anja ndi wa mbumba, ndipo zimenezi sizinayambe lero.

"Munalowola? Paja tinakana, ndipo inu munathokoza."

Zuze anandinong'oneza m'Chisena kuti bambo ananena, tsopano landira nkhukuyo tizipita, wakabaza akudandaula. Nkhukuyo inali ikadali m'manja mwa a Alufandika, ikuphethira. Ndinaiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa chimene ankandipatsa. Ndikaigwira, ndikhala mlendo pamudzipo, wofika ndi shuga pa Khirisimasi, wopempha chilolezo kuti ayende ndi mwana wake kukagula mandasi.

"Nanga ndikakana?" ndinafunsa.

A Alufandika anati chibadwire sanaonepo munthu wokana kumasulidwa. Anayang'ana akuluakulu anzawo, ndipo nawonso anayang'ana pansi.

"Ndiye kuti mukadali mkamwini," anatero pomaliza. "Mkamwini wopanda mkazi. Nyumba yanu ndi iyo yagwa khomayo, dimba ndi lija la malemu. Koleji yanuyo muzikalimira."

"Mkamwini amapempha chilolezo kuti anyamule mwana wake madzi akamabwera?"

Anaganiza nthawi yaitali, chifukwa ndi munthu wosafuna kunama pamwambo.

"Bambo amene ali pamudzi sapempha. Wopempha ndi mlendo."

Ndinaika manja kumbuyo. Zuze anaimirira, anasasa fumbi pathalauza, n'kuuza anthu onse kuti mchere wa kunyanja wandilowa m'mutu. Nkhukuyo anaimasula, ndipo inathamangira kuseri kwa khola ikudandaula.

Ndinadzutsa khoma lija ndekha. Kulima ndimalima moipa, ndipo amayi a pamudzi amaima m'malire mwa dimba kuonerera mizere yanga yokhota. Ntchito inapezeka kumalo ena ogona alendo ku Chikwawa, ndinaikana. Nelito nditamuuza kumene ndikukhala anatumiza mawu pafoni, koma munalibe mawu, munali kuseka kokhakokha. Maganizo anga sanasinthe ngakhale pang'ono: malo ano si okhala anthu, ndipo ndimanena zimenezi kwa aliyense, kutchalitchi, pachigayo, pamaliro. Anthu anandizolowera monga amazolowerera munthu wachifuwa. Chimanga chinabereka kwambiri m'mizere yokhota yomweyo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

Dzinja litafika mvula inagwa masiku otsatizana kumapiri. M'mawa wina ndinapita kumtsinje ndipo ndinapeza Ruo atafiira, akunyamula nthochi zathunthu ndi mizu yomwe. Madzi anali asanatuluke m'khwawa. Ndinabwerera, ndinamuveka Lusiya nsapato, ndinamukweza pamapewa. Apongozi ali pakhonde chofulatira anauza Lusiya kuti awauze bambo ake kuti nthawi sinakwane, awa ndi madzi ongodutsa. Ndinauza Lusiya kuti awauze agogo ake kuti tikupita kudoko kukawolokera pa Bangula, ndipo malo ogona alipo pakati pa matumba.

Tinadutsa pakati pa mudzi dzuwa likuwala. Anthu anali m'makonde, ena akusoka maukonde. Wina anafuula kuti mkamwini wa koleji akuthawa mame, ndipo mudzi wonse unaseka. A Alufandika anali pampando wawo. Anandiona, anaona mwana, ndipo sanandiletse.

Titapitirira madimba, Lusiya anandigwira makutu n'kupotoloka. Anati agogo akubwera, asenza mtolo ndi mphasa. Sindinacheuke, pakuti mkamwini sacheukira apongozi. Ndinangomva mapazi m'matope kumbuyo, patali monga mwambo umafunira, ndi kung'ung'udza kosalekeza. Kenako mawu anakwera.

"Lusiya, uwauze bambo akowo achepetse liwiro. Miyendo yangayi si ya kabaza."

Ndinachepetsa, koma sindinaime.